Kansalu ka m'mphepete mwa chitenje chanu

Amayi,

Kodi muli bwanji kumeneko? Pepani kuti ndikukuvutitsani pamene mukupumula. Ndikudziwa kuti kuno munatopa kwambiri, ndipo ndakhala ndikudziletsa kulemba, koma pali kanthu kamene palibe wina angandiyankhe koma inu. Ndiyamba kaye ndi za kumudzi, chifukwa munkati mlendo safikira pa pempho, amayamba wanena mmene wasiyira kwawo. Ndikulemba m'Chichewa chanu cha ku Ntcheu, chimene munkatiyankhulira m'nyumba muja. Kuno ndimachiyankhula kuntchito ndi kumsika, koma cha kumsika n'chothamanga, sichili ngati chanu. Pamene ndalakwitsa mundikhululukire, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu.

Adada ali bwino ku Chisenga, kungoti mwendo uja umawavuta kukazizira. Sanakwatirenso. Mpando wanu wa pakhonde anaulowetsa m'nyumba kuti usavumbwe ndi mvula, ndipo salola mlendo kukhalapo. Chimanga chinachita bwino m'munda wa kumtunda, koma anankafumbwe analowa m'matumba. Adada ankaganiza kuti achemwali a Eneless athira mankhwala, achemwali ankaganiza kuti ndathira ndine, ine ndinkaganiza kuti athira Adada. Mbuzi nazo zinatha tomato yense wa kudimba. Titapita kukaona tinapeza kuti mpanda uli ndi mpata kumunsi, pafupi ndi nthochi, ndipo pa mpatapo panali timaluzi tambirimbiri takale, tina towola, tina tatsopanoko. Ndiye kuti munkamangapo nthawi ndi nthawi osauza munthu. Adada anaima pamenepo nthawi yaitali, kenako anati, "Amayi anu ankati choipa chimalowera pamene aliyense akuti mnzanga waona." Mapeyala okha ndiwo sanatinyoze. Mtengo munadzala uja unabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka.

Achemwali a Eneless anachira, mwana wamkazi. Anamupatsa dzina lanu, Felesiya. Ndi wamng'ono thupi koma akalira, anthu a nyumba yachitatu amadzuka kudzafunsa ngati kwagwa zovuta. Adada atabwera kudzamuona anaseka koyamba chichokereni inu, amvekere, "Uyu sanangotenga dzina, watenga ndi khosi lomwe." Tonse tinaseka, kenako aliyense anayang'ana kumbali kwake.

Ine ndikukhala ndi achemwali kuno ku Lufita, ndimawathandiza mwanayo m'mawa ndi madzulo. Masana ndimagwira ntchito yosankha nyemba. Pali bambo wina wachikulire amene amagula nyemba kwa alimi n'kumazitumiza kunja, ndipo ife amayi timakhala pa mphasa ndi malichero, kuchotsa timiyala, zofumbwa ndi zosweka. Anthu amawatchula kuti amwenye, koma iwo amati kwawo ndi ku Pakistan, ndipo anakhalitsa ku Tanzania asanabwere kuno. Ife timangoti Bwana Nyemba, iwonso amayankha. Ntchitoyi ndimaikonda chifukwa sifuna kulankhula. Anzanga amati ndimachedwa, koma thumba langa silibwezedwa.

Tsopano nkhani ija. Amayi, mpira sindinasiye.

Sindikudziwa ngati mukwiya. Muli moyo simunanenepo kuti eya, sewera. Munkadandaula za masiketi ong'ambika ndi mawondo a zipsera, n'kumati ndani adzakwatira mkazi wa miyendo ngati ya mbusa wa ng'ombe. Koma tsiku limene aphunzitsi anafuna kutitenga kukasewera ku Nthalire, ndinakufunsani mukusenda chinangwa, ndipo simunayankhe. M'mawa mwake ndinapeza mtedza wokazinga mutaumanga pakansanza, uli pakhomo pafupi ndi patapata wanga. Ndinaonanso kuti tsiku lililonse la mpira nkhuni zinkatha pakhomo pathu, ndipo njira ya kunkhuni inkadzera kuseri kwa bwalo la sukulu.

Kuno kuli timu ya amayi ndi atsikana. Ambiri amagulitsa kumsika, wina ndi telala, awiri ndi a sukulu. Amatiphunzitsa ndi a Mbewe, aphunzitsi ochokera ku Zomba, amene Chitumbuka chawo chonse ndi "yewo", zikomo wa kuno uja, ngakhale munthu akuwatukwana. Ine ndimasewera kumbuyo, pakati penipeni, patsogolo pa goloboyi. Timuyi ili ndi mwambo wake umene unayamba kale ine ndisanabwere. Kaputeni sagula kansalu ka pamkono kusitolo ayi. Amang'amba m'mphepete mwa chitenje cha mayi amene anamubereka, n'kumanga kumkono wamanzere. Akuti woyamba anachita zimenezi chifukwa chosowa, koma tsopano lasanduka lamulo. Amati munthu wovala nsalu ya amake sangathawe pabwalo, ndipo sangatukwane woyimbira. Kaputeni akachoka amapita nako kansalu kake.

Kaputeni wathu, Esnati, akukwatiwa ku Nthalire ndipo wapita kale. A Mbewe anatikhazika pansi pa mtengo kuti tisankhe wina, ndipo manja ambiri anakwera pa dzina langa. Ine ndinayang'ana kumbuyo kuona ngati pali Tusayiwe wina. Fiskani, goloboyi wathu, amene amagulitsa usipa ndipo pakamwa pake sipatsekeka, anaimirira nati, "Aphunzitsi, ngati tikufuna kaputeni wosalankhula, bwanji tingosankha mzati wa golo? Uwo ndiye sujomba n'komwe." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa sananame. A Mbewe anati, "Yewo, Fiskani, khala pansi." Kenako anandiuza kuti ndiganize, ndiwayankhe lisanafike Loweruka likubwerali, pamene tikusewera ndi timu ya ku Boma.

Loweruka lathali tinasewera opanda kaputeni, ndi atsikana a kumalire. Mpira unali mbali ya kumanja, aliyense maso ali komweko. Ine ndinaona mtsikana wina wamfupi akuyenda pang'onopang'ono kuseri kwa Tiwonge, mnzanga wa kumanzere, ngati munthu wopita kokatunga madzi. Ndinadziwa chimene akufuna. Ine sindikanatha kusiya munthu amene ndinkamulonda. Chinkafunika n'kungoitana dzina la Tiwonge basi. Ndinatsegula pakamwa, Amayi, koma panali anthu ambiri m'mbali mwa bwalo, anyamata a kabaza ndi azibambo a kumsika, ndipo mawu anakakamira apa pakhosi ngati mbatata yopanda madzi. Mpira unadutsa pamwamba pathu, mtsikana uja anangougunda ndi mutu. Chigoli chimenecho ndi chimene anatipambana nacho.

Titatuluka Fiskani anandipeza ndikuvula jombo.

"Unamuona?"

"Ndinamuona."

"Ndiye umamusungira ndani? Umafuna ukamunene kutchalitchi mawa?"

Anakhala pansi pambali panga, n'kundimenya paphewa ndi gulovu yake. "Iwe Tusa, maso uli nawo kuposa tonsefe. Koma ine maso ako sindingawamve. Ndili kumbuyo kwako, ndimangoona msana."

Lolemba kuntchito ndinali nditatsimikiza kuti ndikana. Ndili pa mphasa, Bwana Nyemba anadutsa, naona bondo langa limene linasupuka. Anati, "Dada, njoo, bwera kuno." Ndinaganiza kuti apeza mwala m'thumba langa. Chichewa chawo n'chosakaniza ndi Chiswahili, mkazi aliyense amamutchula kuti dada, ndiye ndikuchiwongola pano kuti mumve bwino. Anandifunsa ngati ndinagwa panjinga. Ndinati ayi, ndi mpira. Anafunsa kuti ndimasewera pati. Nditati kumbuyo, anavula magalasi awo n'kundiyang'ana ngati andiona koyamba.

Mu ofesi mwawo muli chithunzi chakale chopanda mitundu, chimene ndinkachiona ndikamasesa koma osachiyang'anitsitsa. Pali azibambo ovala makabudula aatali, ena ataimirira, ena atakhala. Anachitsitsa pakhoma, nachipukuta ndi mkono wa malaya, n'kuloza amene wakhala pakati, mpira uli pakati pa mapazi ake. "Awa ndi bambo anga. Kumbuyo, ngati iwe. Kaputeni wa dziko lonse la Pakistan." Anati nthawi imeneyo kaputeni ankadziwika pachithunzi chifukwa cha mpira umene uli pamapazi akewo.

Anandikhazika pa thumba la nyemba n'kuyamba kufotokoza, anzanga panja akusuzumira. Akuti bambo awowo anabadwira mumzinda wa m'mbali mwa nyanja yaikulu yamchere, kudera la anthu osauka. Anayamba ndi mpira wansanza, wonga chikulunga chathu, opanda nsapato, m'tinjira ta pakati pa nyumba. Atakula anayamba kunyamula matumba kudoko, kumene zimaima sitima zapamadzi, ndipo ankasewera m'timu ya anzawo apantchito. Jombo zoyamba akuti zinawapweteka kwambiri moti ankazivula pa nthawi yopuma kuti mapazi apume mpweya. Dziko lawo linali litangodziimira palokha kumene, ndipo pamene ankafuna anyamata oti akaliimirire kunja, anawatenga. Anayenda pa sitima zapamtunda ndi zapamadzi kukasewera ndi mayiko ena, ndipo patapita nthawi anawapatsa ukaputeni.

Akuti mpira wa masiku amenewo unali wachikopa, wosokedwa ndi chingwe pakamwa pake, ndipo mvula ikagwa unkalemera ngati dzungu. Anandionetsa pachithunzipo kachipsera pamphumi pa bambo awo, pamene chingwecho chinkawacheka akamabweza mpira ndi mutu. Ine ndinafunsa, ndi mawu anga aang'onowa, kuti anachinya zigoli zingati. Anaseka mpaka kutsokomola. "Hakuna! Ngakhale chimodzi. Anthu ankabwera kunyumba kudzafunsa funso lomwelo, iwo n'kumati, pitani mukafunse a timu inayo kuti zawo zimene sanachinye zili kuti."

Mapeto ake akuti bondo linathyoka pabwalo louma, ndipo silinabwererenso. Anabwerera kudoko, akutsimphina. Anthu a kwawoko mtima wawo unapita ku masewera ena omenya kampira ndi thabwa, moti bamboyo ankayenda mumsika wonse popanda womulozera chala. Bwana Nyemba anabadwa bondolo litathyoka kale. Sanawaonepo bambo awo akusewera.

Apa ndinalimba mtima, ndinawauza za ukaputeni ndi za chigoli cha Loweruka. Ndinati ine sindingathe chifukwa ndilibe mawu. Anazunguza chithunzi chija m'manja. Kenako anati, "Bambo anga kunyumba anali ngati kabati. Ukawafunsa kanthu ankayankha ndi nsidze. Ine ndinakula ndikuganiza kuti anthu akunama, munthu uyu sangatsogolere ngakhale mbuzi." Koma akuti mayi awo anawauza kuti tsiku lina, atangokwatiwa kumene, anadutsa kunja kwa mpanda wa bwalo, chifukwa akazi sankalowamo. Anamva munthu mkatimo akuitana anzake mayina, mmodzimmodzi, mawu ake akuposa phokoso la gulu lonse. Anafunsa mlongo wawo amene anawaperekeza kuti wokuwayo ndani. Mlongoyo anati, "Simukuwadziwa amuna anu?"

Bwana Nyemba anabweza chithunzi pakhoma, nachiwongola bwinobwino. Ali chofulatira anati, "Mawu amenewo ine sindinawamvepo. Mayi anga anawamva kamodzi, kuseri kwa khoma. Nyemba zonse zili m'nyumba muno ndikanapereka kuti ndiime kuseri kwa khoma limenelo." Kenako anatembenuka n'kunena mwaukali wabodza, "Haya, kazi, kuntchito! Nyemba sizidzisankha zokha."

Tsiku lonselo ndinasankha nyemba ndikuganiza za timaluzi ta pa mpanda wa kudimba. Inu simunachinyepo chigoli, Amayi. Palibe anakuyamikanipo chifukwa cha mbuzi imene sinalowe. Ndinaganizanso za mmene munkatiitanira tikachedwa kumtsinje. Munkaima pa chulu cha kuseri kwa khola, dzanja limodzi m'chiuno, n'kukoka dzina langa mpaka mapiri a Mafinga kulibweza. Ine ndinkachita manyazi, anzanga akundiseka kuti wailesi ya kwanu yatsegulidwa. Ndinkathamanga osati chifukwa choopa mkwapulo, koma kuti musaitanenso kachiwiri. Lero ndikanakhala pansi pamwala dala, kuti muitane kachitatu ndi kachinayi.

Lachitatu tinali ndi zokonzekera. A Mbewe anatigawa pawiri. Zinachitikanso chimodzimodzi: mpira kumanja, maso onse komweko, ndipo mtsikana wina wa sukulu akuzembera kuseri kwa Tiwonge. Sindikudziwa chimene chinachitika. Sindinaganize. Ndinangomva dzina la Tiwonge likutuluka, lalitali, lokwera kumapeto, ndipo Tiwonge anatembenuka n'kuuchotsa mpirawo. Bwalo lonse linaima. A Mbewe wezulo inagwa pakamwa. Fiskani anagwira mutu nati, "Mayo ine! Mzati walankhula! Tusa, amene uja ndiwe kapena wakulowa ndani?"

Onse anaseka, koma ine ndinakhala pansi pomwepo. Amayi, mawu aja sanali anga. Anali anu. Kukoka kwake, kukwera kwake kumapeto, ngakhale kakusasa kaja kamene munkakhala nako nyengo yozizira. Chichokereni inu ndakhala ndikuyesa kuwakumbukira mawu anu ndikamasankha nyemba, ndipo ankandithawa, ndinkangokumbukira zimene munkanena koma osati mmene zinkamvekera. Ndiye anatulukira pakamwa panga, pakati pa bwalo, pamaso pa anthu. Ndinalira ngati mwana. Anzanga anaganiza kuti ndadzipweteka bondo lija, ndipo ndinawasiya aganize choncho. Fiskani yekha anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati wadziwa kuti si bondo.

Tsopano ndikufuna kuvomera. Ndikuopabe anthu, koma ngati mawu anu amabwera pokhapokha pamene wina akuzembera kuseri kwa mnzanga, ndiye ndikufuna ndiziima pamenepo Loweruka lililonse.

Chovuta ndi nsalu. Pogawa zovala zanu maliro atatha, azakhali a ku Ntcheu anatenga zambiri, achemwali anatenga diresi ya kutchalitchi ndi duku, ine anandipatsa chitenje chimodzi chokha, chobiriwira cha timbalame tachikasu, chimene munkavala popita kuchigayo. Sindinachichape. Chili m'chikwama changa, m'pepala la pulasitiki, ndipo ndikachitsegula pamamvekabe utsi pang'ono ndi sopo uja munkamudula ndi mpeni. Mwambo wa timu ukufuna kuti kansaluko kachoke pamenepo.

Achemwali akukana. Akuti nsalu ya malemu siing'ambidwa, imasungidwa yathunthu mpaka ithe yokha, ndipo kuing'amba n'kumuchotsa munthu kachiwiri. Anati, "Ukufuna Amayi azikagubuduzika m'fumbi pamaso pa anyamata a kabaza? Tenga changa ichi, ndine mkulu wako, ndine mayi ako tsopano." Ananena akuyamwitsa Felesiya, misozi ili m'maso, ndipo sindinathe kuwatsutsa. Ndinakafunsa anzanga ngati chitenje cha achemwali chingaloledwe. Anati akhoza kundimvera chisoni n'kulola. Koma mtima wanga sukulola, Amayi. Achemwali ndimawakonda, koma si iwo ankadzera kuseri kwa bwalo la sukulu ndi mtolo wa nkhuni umene sitinkaufuna. Ndinawaimbira Adada pa foni ya alamu. Anati, "Chitenjecho si changa, si cha Eneless. Funsa mwini wake."

Ndiye ndikufunsa mwini wake.

Sindidula pakati ayi. Ndayeza kale m'mphepete, mbali imene ulusi unayamba kale kusomphoka, mulifupi mwa zala ziwiri basi. Sindikhudza kambalame ngakhale kamodzi, ndaonetsetsa. Sizasi ndabwereka kwa mnzanga telala uja, ndipo walonjeza kundipindira m'mphepete motsalamo ndi makina kuti chitenje chisapitirire kusomphoka, mwina chikhalitsa kuposa mmene chikanakhalira. Kansaluko ndizikachapa ndekha ndi manja, sindidzakasiya m'thumba la majezi. Ndikulonjeza kuti nditavala nsalu yanu sindidzatukwana munthu, sindidzamenya mwendo wa mwana wa mnzanu dala, ndipo ndikaona choipa chikuzembera sindidzanenanso kuti mnzanga waona. Mwezi wa mawa ndipita ku Chisenga kukamanga mpanda wa kudimba ndi kukalambula pamanda panu.

Sizasi ili pamwamba pa chitenje, pa mpando, sindinadule. Ndidikira mpaka Loweruka m'mawa. Ndikudziwa mayankhidwe anu. Mukavomera simunkanena kanthu, munthu ankangopeza mtedza pakhomo. Mukakana, Chisenga yense ankadziwa kuti kwa a Felesiya kwakanidwa kanthu. Ndiye mukakhala chete, ndidzadziwa kuti mwalola, ndipo ndidzadula.

Koma chonde ndiyankheni msanga, Amayi. Ngakhale kukhale kukana. Imani pa chulu chilichonse chimene chili kumeneko, dzanja m'chiuno, mukane mokweza mmene munkachitira. Sizasi ndidzabweza, ukaputeni ndidzawasiyira ena, ndipo sindidzadandaula, bola ndimve.

Ndine mwana wanu wokukondani,

Tusayiwe